Cholendewera cha siliva champhako: mmene moto umalamulira dongo, mwala ndi golide

Dongo la siliva limabwera m'kapaketi kakang'ono komata bwino, nthawi zambiri ka magalamu 10, 20 kapena 50. Mukatsegula mumapeza kamtanda kotuwa, kofewa, kosaoneka n'komwe ngati chinthu cha ndalama. Mkati mwakemo muli zinthu zitatu: fumbi la siliva weniweni losalala kwambiri moti kanjere kamodzi simungakaone ndi maso, zomatira zochokera ku zomera zimene zimagwira fumbilo pamodzi, ndi madzi. Mumaumba ndi zala, n'kuyanika, n'kuotcha. Madzi amathawa poyanika, zomatira zimapsa mu ng'anjo, ndipo chotsala ndi siliva amene osula amamutcha wa 999, ndiye kuti pa magawo 1000 alionse, 999 ndi siliva yekhayekha.

Luso limeneli ndi la ku Japan ndipo si lakale. Kampani ya Mitsubishi Materials ndi imene inalitulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ntchitoyo akuitsogolera katswiri wa zitsulo Masaki Morikawa, ndipo dongo lawo analitcha Precious Metal Clay, mwachidule PMC. Posakhalitsa kampani ina ya komweko, Aida Chemical Industries, imene ntchito yake ndi yotola zitsulo zamtengo wapatali m'zinthu zotha ntchito n'kuziyenganso, inatulutsa lake lotchedwa Art Clay Silver. Kuchokera kumeneko dongoli linafalikira ku America ndi ku Ulaya, ndipo anthu amene sanagwirepo nyundo ya wosula anayamba kupanga ndolo ndi mikanda ya siliva patebulo la m'nyumba mwawo.

Amene anakhalapo pafupi ndi mayi woumba mbiya aona kuti manja amayenda chimodzimodzi: kukanda dongo, kulisunga lonyowa, kulumikiza, kudikira kuti liume, kukulungiza, kuotcha. Koma cholendewera cha m'khosi chokhala ndi mphako mkati, mwala pamwamba ndiponso golide m'mbali chili ndi vuto lakelake. Mukusonkhanitsa zinthu zitatu, ndipo chilichonse chili ndi malire ake a moto. Siliva akufuna moto wofika madigiri 900 a Celsius. Golide akufuna wa madigiri pafupifupi 350 basi kuti amatirire. Mwala wina umalowa mu ng'anjo n'kutulukamo bwinobwino, pamene wina umasweka kapena kusintha mtundu moto usanafike patali. Choncho dongosolo la ntchito simusankha ndinu. Chofuna moto waukulu chimayamba, choopa moto chimabwera pomaliza, ndipo zonsezi muyenera kuzidziwa musanang'ambe paketi ija.

Tiyambe ndi zimene zimachitika mu ng'anjo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amamva molakwa. Siliva amasungunuka pa madigiri pafupifupi 962 a Celsius, ndipo ife sitifuna kufika pamenepo. Akasungunuka, zonse zimene munaumba zimasanduka kamphumphu kozungulira. Chimene tikufuna n'chakuti tinjere tija titenthe mpaka tiyambe kugwirana m'mbali mwake, mipata ya pakati pake n'kumachepa, koma maonekedwe a chinthucho osasintha. Kugwirana kumeneku kumafuna kutentha ndiponso nthawi. Art Clay Silver angathe kupsa pa madigiri 650 kwa mphindi 30, kapena pa 800 kwa mphindi zisanu. Amenewo ndi malire apansi. Amene akufuna siliva wolimba kwenikweni amaotcha pa 900 kwa maola awiri. Chinthu chosapsa mokwanira chimanyenga: kunja chimaoneka ngati chitsulo, chimawala mukachipukuta, koma mukachipinda pang'ono chimangoti thyo, ndipo pothyokapo pamaoneka ufa.

Poti zomatira zapsa ndipo mipata yatsekeka, chinthucho chimafota. PMC woyambirira uja ankafota kwambiri, kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Mitundu ya masiku ano imafota pakati pa magawo 8 ndi 15 pa 100 alionse, malinga ndi mtundu wake komanso moto umene mwaupatsa. Kufota kumeneku musakuiwale, tikumana nako pa mwala.

Nanga mphako ndi yachiyani? Siliva ndi wolemera ndipo ndi wodula. Cholendewera chozungulira, chotukuka mbali zonse ziwiri, cha masentimita atatu m'mimba mwake ndi sentimita imodzi kuchindikala kwake, chikakhala chodzaza mkati chimalemera magalamu 30 kapena kuposerapo. Chomwecho chikakhala champhako, makoma ake a milimita imodzi, chimalemera pafupifupi theka lake. Khosi limapuma, thumba limapumanso, koma diso limaona chinthu chachikulu chodzaza bwino.

Njira zopangira mphako zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yoika phata mkati. Mumaumba phatalo ndi chinthu chimene chidzapsere mu ng'anjo, monga dongo lopangidwa ndi ufa wa cork (khungwa lopepuka lotsekera mabotolo) kapena wa matabwa, n'kulikuta ndi dongo la siliva. Njira imeneyi imalola maonekedwe ovuta, a chikho, a nkhono, a mtima wotukuka. Koma phatalo liyenera kuuma mpaka m'kati mwenimweni, zimene zingatenge tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo likamapsa limatulutsa utsi ndi kuonjezera kutentha kwake pamwamba pa kwa ng'anjo. Pa chifukwa chimenechi moto umakwezedwa pang'onopang'ono, chipinda chimakhala chopita mphepo, payenera kukhala kabowo kotulukira utsi, ndipo chinthu chotere sachiotcha ndi kachipangizo kolavula moto wa gasi.

Ine ndimaona kuti njira yachiwiri ndi yabwino kwa woyamba, ndiponso imatulutsa ntchito yaukhondo. Mumaumba zigawo ziwiri payekhapayekha, ziume, kenaka n'kuzilumikiza. Palibe chopsera mkati.

Pakani mafuta a olive pang'ono m'manja, pa chopsinjira ndi pamene mukugwirirapo ntchito. Pang'ono penipeni, kadontho kamodzi, chifukwa mafuta akachuluka dongo limakana kugwirana. Mafuta odzola a mtundu wa Vaseline ayi. Chinanso choti musamale nacho ndi aluminiyamu: dongo la siliva lonyowa likakhudzana naye limaonongeka, limachita mawanga ndipo pamenepo sipapsa bwino. Mapoto, mbale ndi mathireyi ambiri a m'nyumba zathu ndi a aluminiyamu, choncho yanikani pa galasi, pa thailosi kapena pa pulasitiki. Kuti dongo lichindikale mofanana paliponse, oumba amagwiritsa ntchito makhadi a njuga. Mumasanja makhadi anayi kumanzere, anayi kumanja, dongo pakati, n'kugubuduza kapaipi ka pulasitiki pamwamba pa makhadiwo. Makhadi anayi ndi pafupifupi milimita imodzi. Pa cholendewera chimene chidzalandire golide musatsike pansi pa anayi, ndipo ngati mudinda maluwa ozama yambani ndi asanu, chifukwa pambuyo pake mudzakanikiza khoma limenelo likutentha.

Maluwa ake mungadinde ndi tsamba la mitsempha yooneka bwino, kansalu ka lesi kapena chidindo. Koma ganizirani kale pamene golide adzakhale, ndipo pamenepo pasiyeni posalala kapena pa maluwa osazama. Golide salowa bwino m'maenje akuya.

Dulani zozungulira ziwiri zofanana n'kuziyala pa chinthu chotukuka chimene mwapaka mafuta: babu lakale lamagetsi, kampira ka tenisi ya patebulo, kapena kumbuyo kwa sipuni yoyezera. Kanikizani m'mbali mofatsa kuti zigone bwino popanda makwinya. Dongo lotsala likulungeni msangamsanga m'pulasitiki, chifukwa limauma mofulumira, makamaka m'miyezi yotentha. Mukaona timing'alu m'mphepete mukugwira ntchito, nyowetsani kaburashi, pakani, dikirani pang'ono kuti madzi alowe.

Zigawo zija zikauma, tengani sandipepa wosalala, muyaleni pa galasi, ikani chigawo chimodzi chovundikira n'kumachiyendetsa mozungulira, zala zikugwira mofanana mbali zonse. Poyamba mlomo wake umakhala wakuthwa, wopendekeka. Mukamapala mumaona kamzere kosalala kakuyamba kuoneka m'mphepete monse, ndipo kamzere kameneko ndi kamene kadzagwirane ndi kanzake. Phatikizani ziwirizo n'kuyang'ana kudzuwa: kuwala kukamadutsa pakati, palaninso. Dongo louma limaphwanyika mosavuta, choncho musalifinye. Fumbi lonse limene lagwa ndi siliva, musalitaye. Lisonkhanitseni m'kabotolo, thirani madzi pang'ono, lisanduke phala, ndipo phala limenelo ndi limene mulumikizire. Nyowetsani milomo yonse iwiri, pakani phala, phatikizani, gwedezani pang'ono mpaka mumve kuti zagwirana, n'kugwira choncho kwa kanthawi. Zikauma tsekani mipata ndi dongo lenileni, osati phala lokha, chifukwa phala lili ndi madzi ambiri ndipo limafota kwambiri. Palani mpaka msoko usaoneke.

Kogwirira tcheni kangakhale kamzere ka dongo kokulungidwa pa kachubu komwera zakumwa n'kumatidwa pamwamba, kapena kabowo kodutsa mbali zonse. Ndi kamene kamanyamula kulemera konse, choncho kalumikizeni ndi dongo lokwanira. Siyaninso kabowo kena kakang'ono kumbuyo kapena pansi kuti mpweya ndi nthunzi zipeze potulukira.

Kuuma ndi nkhani yaikulu pa chinthu champhako, chifukwa kunja kungaume mkati muli chinyontho cha phala lija. Chinyontho chikakumana ndi moto wa ng'anjo chimasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imatukula matuza kapena kung'amba msoko. Pali kayesedwe kosavuta. Tenthetsani cholendeweracho pang'ono pa chinthu chofunda, chiikeni pa galasi lozizira kwa masekondi ochepa, n'kuchichotsa. Mukaona kankhungu pamene chinali, sichinaume.

Tsopano mwala. Funso loyamba si lakuti ndi wokongola bwanji, koma lakuti ungalowe mu ng'anjo kapena ayi. Miyala yopangidwa m'mafakitale, monga cubic zirconia, ruby, sapphire ndi spinel, inabadwira pa moto waukulu kuposa wa ng'anjo yathu, ndipo yambiri imapirira. Komabe mitundu ina ya cubic zirconia imachita mdima moto ukachuluka, n'chifukwa chake ogulitsa amalemba malire a mwala uliwonse. Miyala ina yachilengedwe, monga garnet wofiira ndi peridot, imapirira moto wapansi wa madigiri 650. Apa pali kusinthana: mwasankha mwala wotere, ndiye kuti mwavomeranso siliva wosalimba kwambiri ngati wa pa 900.

Ina ndiye ayi ndithu. Opal uli ndi madzi mkati mwake ndipo umasweka. Ngale ndi turquoise zimaonongeka. Amethyst amataya mtundu wake wofiirira pa madigiri 400 mpaka 500, n'kusanduka wachikasu kapena kuyera. Ngakhale dayamondi, ndi kulimba kwake konse, ndi kaboni, ndipo pa moto wotere pali mpweya amayamba kupsa. Izi zikutikhudza ife kwambiri, chifukwa miyala yambiri ya kwathu kuno ili m'gulu loopa moto: aquamarine wa ku Mzimba, emerald wa ku Lufwanyama ku Zambia, amethyst wa ku Mapatizya ku Zambia komweko. Ruby ndi sapphire za ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ndi za mtundu wa mwala wopirira kutentha, koma mwala wokumbidwa pansi umakhala ndi timing'alu ndi tinthu tina mkati, ndipo moto ungausinthe mtundu kapena kuung'amba. Palinso ruby wotchipa pamsika amene ming'alu yake anaitseka ndi galasi, ndipo ameneyo amaonongekeratu. Kwa ine, mwala wachilengedwe umene munthu anaukumba movutikira suyenera kuyesedwa mwayi mu ng'anjo pamene njira ina ilipo.

Mwala wopirira moto mumauika dongo lidakali lonyowa. Umbani kampira kakang'ono, kapsinjeni kuti kachindikale kuposa msinkhu wa mwalawo, boolani pakati, n'kukanikiza mwalawo mpaka lamba wake, pamene pali potambalala kwambiri, alowe pansi pa dongo pang'ono. Kufota kuja tsopano kukugwirirani ntchito: dongo likamafota limakumbatira mwalawo pamwamba pa lamba n'kuugwira kuti gwa. Koma lamba akatsala pamwamba, kufota komweko kumaukankhira kunja, ndipo mumaupeza utapendekeka kapena utagwa. Yang'anani kuchokera m'mbali kuti nkhope ya mwala yagona molunjika. Kabowo ka pansi pake kamalowetsa kuwala ndiponso kamapatsa nsonga ya mwala malo. Musanaotche, pukutani mwalawo ndi kathonje koviika mu spirit, chifukwa kafumbi ka siliva kotsalira pamenepo kamapsera pomwepo n'kuuchititsa khungu.

Mwala woopa moto mumaukonzera nyumba yake, koma iwo umadikira panja. Nyumbayo ndi kampanda ka siliva wa 999, kamene mumakapinda mozungulira mwalawo n'kukazika m'dongo. Vuto lake ndi lakuti kampandako ndi chitsulo kale, sikafota, pamene dongo lozungulira likufota. Pa khoma lotukuka zimenezi zingapotoze chinthu kapena kung'amba dongo m'mbali mwa kampanda. Njira yochepetsera vutoli ndi kusiya kamalo kathyathyathya pamwamba pa cholendewera, kochindikalako, ndipo ena amaotcha kawiri: koyamba thupi lokha kuti lifote, kachiwiri atamata kampanda ndi phala.

Mu ng'anjo, chinthu champhako sachiika pa thabwa la ng'anjo chokha. Siliva akatentha amafewa, ndipo mimba yotukuka ija imaphwa ndi kulemera kwake komwe. Chikhazikeni m'kambale kadothi kodzaza vermiculite (timiyala topepuka tosapsa) kapena pa ubweya wosapsa wa mu ng'anjo, chitamira mpaka theka, mwala utayang'ana pansi kapena utakhala bwino osapendekeka. Magetsi akazima ntchito ili pakati, musataye mtima: siliva wa 999 angaotchedwenso kuyambira poyamba. Nthawi ikakwana, siyani chizizire chokha. Chopanda mwala mungachiponye m'madzi, koma chokhala ndi mwala mukachitero mwalawo umang'ambika nthawi yomweyo.

Chimatuluka choyera kuti mbee, chosawala. Kuyerako si utoto kapena phulusa loti muchotse. Ndi siliva yemweyo, kungoti khungu lake lili ndi tinsonga tambirimbiri timene timamwaza kuwala. Mukatigoneka ndi burashi ya waya wofewa kapena ndi nkhulungo, kuwala kumabwera. Koma dikirani kaye, ndipo musachigwire ndi zala zamafuta, chifukwa golide amafuna siliva waukhondo.

Njira imene ndimaikonda yoikira golide ndi ya ku Korea, yotchedwa keum-boo. Simufuna zomatira kapena mtovu. Mumatenga kapepala ka golide weniweni wa makarati 24, kochindikalako kuposa kaja kopyapyala kwambiri kokongoletsera mafelemu, chifukwa kopyapyalako kamangomira mu siliva n'kuzimiririka. Kaikeni pakati pa pepala lopinda kuti mukadule bwino ndi sizasi. Ikani cholendewera pa mbaula yamagetsi yathyathyathya, golide ali pamalo pake, ndipo dikirani chitenthe. Poyesa, gusani kamtengo kotokosera m'mano pa siliva: kakayamba kupserera n'kusiya kamzere kakuda, nthawi yakwana. Gwirani cholendewera ndi chopanira, gunditsani pakati pa golide ndi nkhulungo ya mwala wa agate kuti agwire, kenaka kulungizani kuchokera pakati kupita m'mbali, mozungulira, kuti mpweya uthawe. Mumaona golide akugona, akutenga maonekedwe a siliva wa pansi pake, ndipo m'mphepete mwake mukuleka kutukuka. Pakatsala kathuza, kabooleni ndi singano n'kukulungizanso. Valani magolovesi achikopa kapena a thonje, osati a nayiloni, ndipo nkhulungo ikatentha isintheni ndi ina, musaiviike m'madzi.

Chimene chimagwirizanitsa ziwirizi n'chakuti maatomu a golide ndi a siliva ndi ofanana kukula ndipo amasanjana mofanana. Kutentha ndi kukanikiza kumachititsa kuti pamene akhudzana alowererane, malire n'kutha. Koma kulowererana komweko kukapitirira, golide yense amamira ndipo mtundu wake umafwifwa. N'chifukwa chake golide sabwerera ku moto wa 900. Ngati pali chokonza pa siliva, mng'alu wotseka kapena kogwirira tcheni kolimbitsa, chitani golide asanafike. Siliva wa 999 ali ndi mwayi pano: alibe mkuwa, choncho khungu lake silida pa moto. Siliva wa 925, amene ali ndi magawo 75 a mkuwa pa 1000, amafuna kuti muyambe mwachotsa mkuwa wa pakhungu pake golide asanamatirire.

Chinthu champhako chimavutirako pa keum-boo. Chimakhudza mbaula ndi kamalo kochepa chabe, ndipo mkati muli mpweya, choncho pamwamba pamachedwa kutentha. Khalani oleza mtima, chitembenuzeni kuti mbali imene mukugwirapo ikhale pafupi ndi moto, ndipo kanikizani ndi nzeru. Makhadi anayi aja mudzawayamika pamenepa. Pamene pali maluwa ozama kwambiri, golide wopaka ngati phala ndi amene amathandiza. Mumapaka kawiri kapena katatu pa siliva woyera uja, n'kuotcha mwachidule motsata malangizo a wopanga, kenaka n'kukulungiza. Mwala umene unapirira ng'anjo upiriranso moto wa keum-boo, bola uzizire pang'onopang'ono.

Golide pa siliva wowala saoneka kwambiri, chifukwa zonse ziwiri zimanyezimira. Chimene chimamuonetsa ndi kudetsa siliva. Mankhwala a sulufule otchedwa liver of sulfur, osungunulidwa m'madzi ofunda, amasintha siliva kukhala wachikasu, kenaka wofiirira, wabuluu, mpaka wakuda bii, pamene golide weniweni sasintha. Ngati mankhwalawo palibe, dzira lowiritsa lophwanyidwa likadali lotentha, lotsekeredwa m'kabotolo pamodzi ndi cholendewera, limachita ntchito yomweyo mochedwerako. Mukafika pa mtundu umene mukufuna, tsukani m'madzi a soda wophikira kuti mankhwala aleke kugwira ntchito. Kumbukirani kuti madzi alowa m'mphako kudzera pa kabowo kaja. Akhuthuleni, tsukuluzani mkati kangapo, yanikani bwino, apo ayi adzatuluka pang'onopang'ono n'kudetsa bulauzi ya mwini wake. Kenaka pukutani malo okwera ndi kansalu kuti awale, mdima utsale m'maenje. Pa golide pukutani mopepuka, popanda sandipepa kapena makina, chifukwa ndi wopyapyala.

Apa m'pamene aquamarine kapena amethyst uja amabwera, moto ndi mankhwala zonse zitadutsa. Poyesa ngati akukwana, yalani kaulusi kolimba m'kampanda musanaike mwala, nsonga zake zitatulukira kunja, kuti mukoke nazo mwalawo ngati wathina. Ukakhala pansi bwino osagwedera, chotsani ulusi, khazikani cholendewera pa nsalu yopinda kapena pa kathumba ka mchenga kuti khoma la kumbuyo lisaphwe, ndipo yambani kukankhira kampanda pa mwala: kumtunda, kenaka kumunsi, kumanzere, kenaka kumanja, n'kumadzaza mipata yotsala motsatana choncho. Mukazungulira mbali imodzi yokha, siliva wotsala amaunjikana kumapeto n'kupanga khwinya lovuta kugoneka. Malizani ndi nkhulungo m'mphepete monse mpaka chikhadabo chisapeze pokola pakati pa siliva ndi mwala.